Ovadia Wachiwiri wa ku Tesalonika

Ku Tesalonika anthu ankamudziwa Ovadia Brudo ngati mkulu uja woyenda ndi alendo n'kumawaonetsa zinthu zimene kulibe. Ankaima pamalo oimikapo magalimoto, amvekere, "Pano panali bwalo." Ankaloza nyumba yosanjikizana yokhala ndi sitolo ya nsapato pansi pake, amvekere, "Apa panali sunagoge." Eni masitolo anafika pomuzolowera. Akamuona akutulukira ndi kagulu kake, ankakodolana n'kumati, "Wafika wa 'panali' uja."

Anabadwa nkhondo itangotha, m'chipinda chimene makolo ake ankagawana ndi banja lina atatchinga bulangete pakati. Bambo ake, a Sabetay, ndi mayi ake, a Djoya, anali m'gulu la Ayuda ochepa aja amene anabwerako ku misasa ya ku Polandi, kumene Ajeremani anatutira pafupifupi Myuda aliyense wamumzindawo pa sitima zonyamula ng'ombe. Poyamba sankadziwana. Anakumana pamzere wolandira zofunda, ndipo ukwati wawo unachitika tsiku limodzi ndi maukwati ena angapo, akwatibwi akubwerekana nsalu imodzi yofunda kumutu. A Djoya sankabisa. Ankati sanakwatiwe chifukwa cha chikondi, koma chifukwa sankatha kukhala m'chipinda mopanda kumva munthu wina akupuma.

A Sabetay anali ndi kasitolo ka mabatani, ulusi ndi singano kuseri kwa msika. Anali munthu wa mapewa aakulu koma woyenda monyang'ama, ngati pali wina amene akuopa kumudzutsa. Sankamenya, sankakalipa, komanso sankaseka. Kaya kutenthe bwanji, malaya awo ankakhala a manja aatali, omanga batani, kubisa nambala imene anawadinda pamkono kumisasa kuja. Ndipo mwana wawo sankamutchula dzina. "Mwana iwe, tseka chitseko." "Iwe, bweretsa makwerero." Akamalankhula ndi anthu ena ankangoti "wamng'onoyu."

Chifukwa chake Ovadia anachidziwa ali ndi zaka khumi ndi zitatu, tsiku limene mnyamata wachiyuda amaitanidwa koyamba kutsogolo m'sunagoge kuti akawerenge malemba ngati munthu wamkulu. Wotsogolera mapemphero atanena mokweza kuti, "Aimirire Ovadia mwana wa Sabetay," bambo ake anadzuka, n'kupinda nsalu yawo yopempherera, n'kutuluka. Mnyamatayo anawerenga mpaka kumapeto, maso akuthawira pampando wopanda munthu.

Kunyumba anapeza mayi ake akusenda mazira a pa Sabata, aja ophika ndi makoko a anyezi mpaka kufiira.

"Mama, ndalakwitsa pati?"

"Sunalakwitse. Takhala pansi." Anapitiriza kusenda osamuyang'ana. "Bambo akowa anali ndi mkazi wina nkhondo isanayambe. Analinso ndi mwana, wamwamuna. Mwambo wathu umati mwana wamwamuna woyamba atenge dzina la agogo ake, ndiye anali Ovadia. Onse anakwera nawo sitima ija. Anabwerako okha. Iwe utabadwa, ine ndinati tisankhe dzina lina. Iwo anakana, amvekere dzina la bambo awo lisathere mu utsi. Anakupatsa okha, koma kulitchula kunawakanika."

"Anali wamkulu bwanji?"

"Sindikudziwa. Sindinafunsepo, ndipo iwenso usafunse. Idya dzira."

Sanafunse. Atamaliza sukulu analowa m'kasitolo kaja, ndipo bambo ndi mwana anagwira ntchito limodzi zaka zambirimbiri, mapewa akukhudzana m'kachipinda kopanikiza, nkhani zawo zili za ulusi wakuda ndi mabatani a jekete basi.

M'kasitolomo ndi mmene anakumanira ndi Stamatia, telala wa pakamwa posatseka amene ankabwera kudzadandaula kuti singano zawo zimathyoka. Anali Mkhristu. Kwawo kwa mtsikanayo atamva, amalume ake anamenya tebulo. Kwawo kwa Ovadia, a Djoya analira sabata yathunthu. "Tinatuluka m'manda kuti mtundu usathe, iwe n'kumatibweretsera zimenezi?" Masiku amenewo ukwati unkamangidwa kutchalitchi kapena kusunagoge kokha, ndipo panalibe mwa awiriwo amene ankafuna kusiya chipembedzo chake. Anadikira. Anzawo anakwatira, n'kubereka, ana n'kuyamba sukulu, iwo akungoyenda m'mbali mwa nyanja Lamlungu masana ngati achinyamata. Lamulo litasintha n'kulola ukwati wa ku ofesi ya boma, Ovadia anali atayamba dazi. A Sabetay anabwera ku ukwatiwo, n'kuima kumbuyo, chipewa chili m'manja. Mkuluyo anamwalira pamene mdzukulu wawo Anthi, mwana wamkazi wa Ovadia ndi Stamatia, ankayamba kumene kukwawa, osasiya mawu alionse. A Djoya anawatsatira pasanapite nthawi.

Kenaka anthu anasiya kusoka. Batani likaduka ankataya malaya n'kugula ena. Ovadia ankakhala tsiku lonse akuingitsa ntchentche. Tsiku lina munalowa bambo wina ndi mkazi wake, ochokera kutali, akufunsa m'Chisipanishi chakale chija chimene Ayuda a ku Tesalonika ankalankhula m'nyumba zawo, ngati iye akudziwa pamene panali sukulu ya agogo awo. Anatseka kasitolo n'kuwaperekeza. Anabwerera dzuwa litapendeka, mapazi akuwawa, koma kwa nthawi yoyamba anaona kuti tsiku ladutsa osalimva kulemera. Kasitolo katatsekedwa, a ku ofesi ya Ayuda anayamba kumutumizira alendo okonda kumva chilankhulo cha makolo awo.

Ntchitoyo ankaigwira mwa njira yakeyake. Sankakweza mawu. Ankawatengera alendo pabwalo pamene amuna achiyuda anaimikidwa padzuwa n'kumadumphitsidwa ngati achule anthu akuonerera, kenaka kusiteshoni yakale. Ankawaonetsanso miyala. Manda akale a Ayuda anagumulidwa pa nthawi ya nkhondo, ndipo miyala yake inamwazikana mumzinda wonse, ina m'makoma, ina pamakwerero, ina pansi pa mabwalo. Ovadia ankagwada, n'kuthira timadzi ta m'botolo pamwala kuti zilembo zioneke, n'kuwerenga dzina la munthuyo mokweza. Alendo ena ankalira. Ena ankafunsa kumene angapeze nsomba yokoma. Onse ankawayankha mofanana. Za kwawo sankanena, ndipo wina akafunsa ankangoti, "Bambo anga ankagulitsa mabatani."

Ntchito zitasowa m'dziko, Anthi, amene anaphunzira unamwino, anakapeza malo ku Jeremani. Ovadia anamunyamulira chikwama mpaka pabwalo la ndege. Pobwerera Stamatia anati, "Tanena kanthu, iwe. Ukungokhala duu ngati bambo ako."

"Ndinene chiyani? Munthu akapita mwa kufuna kwake, ndi tikiti yobwerera, si vuto."

Mayi Riketa anabwera chaka chotsatira, mphepo yozizira ya kumpoto itayamba kuwomba. Anali gogo wamfupi wochokera ku Mekisiko, wopaka milomo mofiira, woyenda ndi ndodo imene ankaigwiritsa ntchito kwambiri polozera anthu kusiyana ndi poyendera. Anali ndi mwana wawo Nisim, bambo wa imvi zake, amene ankangoti "pang'onopang'ono, Mama" pa chilichonse. Anakumana pamalo omwera khofi pafupi ndi doko, ndipo Ovadia anayamba kufotokoza kumene awatengere.

"Zimenezo zisiyeni," anatero mayiwo. "Bwalolo ndinaliona ndi maso angawa, ndili pakhonde la azakhali anga. Ine ndinabadwira kuno. Ndakusankhani chifukwa cha dzina la Brudo, Nisim atandiwerengera mayina a operekeza alendo. Ndinu Brudo wa kwa yani?"

"Wa kwa Sabetay, mayi."

"Sabetay wonyamula katundu padoko?"

"Ayi, bambo anga ankagulitsa mabatani."

"Wamtali, wamapewa, khutu lakumanzere long'ambika pang'ono?"

Ovadia anaika kapu pansi. Khutu limenelo analiyang'ana moyo wake wonse ali kumbuyo kwa bambo ake m'kasitolo.

Mayi Riketa anawomba m'manja n'kuseka mpaka kutsokomola. "Mabatani! Sabetay! Munthu amene ankakweza mbiya ya mafuta pamsana akuimba, zala zake ngati nthochi, ankatola bwanji batani? Ndiye anabwerako! Ife tinamva kuti pabwalo la nyumba zathu sipanatsale munthu. Iwe, ndikuti iwe tsopano, poti ndiwe mwana wa pabwalo pathu. Dzina lako ndani?"

"Ovadia."

Kuseka kuja kunazima. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira padazi mpaka kunsapato.

"Ovadia ndinkamudziwa ine," anatero. "Tiye, ndiperekeze kwathu."

Anakwera takisi kupita kumadzulo kwa mzinda, kufupi ndi njanji. Kumeneko Ovadia ankapitako ndi alendo kawirikawiri, koma sankadziwa kuti bambo ake ankakhala chakumeneko. Mayi Riketa anatsika n'kuyamba kulamula ndi ndodo: apa payenera kukhala mpope, apo uvuni wa buledi. Panalibe mpope, panalibe uvuni. Panali nyumba zazitali zokhala ndi zovala zoyanika m'makonde, ndi galaja yomata matayala. Anayenda kutsika, n'kubwerera, n'kukhota, mpaka anatopa.

"Asuntha misewu," anatero mokwiya. "Ndani anawauza kuti asunthe misewu?"

Mwini galaja anatulutsa mpando wapulasitiki, n'kuupukuta ndi malaya ake. "Khalani apa, agogo, musagwe." Mayiwo anakhala pakati pa milu ya matayala, n'kunena kuti basi, pomwepa pakhale pabwalo pawo.

Atapuma anayamba kukamba. Anati mabanja asanu ankakhala mozungulira bwalo limodzi, ndipo ana onse ankadziwa kuti Sabetay akubwera asanamuone, chifukwa nyimbo inkayamba kumveka ali kumsika. Akafika ankagwada kuti ana akwere pamtsamiro wachikopa umene ankamanga kumsana ponyamula katundu, atatu kapena anayi nthawi imodzi, n'kumazungulira nawo bwalo akulira ngati bulu. Pa maukwati ankavina botolo lili pamutu. Mkazi wake, Estrea, ankamuthamangitsa ndi tsache chifukwa cha phokoso, iye n'kumabisala kumbuyo kwa ana.

Ovadia anamvetsera ngati akumva za munthu wa m'dziko lina.

"Nanga mwanayo?" anafunsa.

"Mkulu wakoyo? Anali mwana wovuta! Wolira, wadyera, wolumaluma. Taona." Anakwinya dzanja la juzi n'kumuonetsa mkono. Pakhungu lamakwinya panali kachipsera koyera, kooneka movutikira. "Mano ake amenewo. Tinkalimbirana mkate wachitowe. Ine ndinali wamkulu kwa iye, koma anandilanda. Bambo ako anamukweza m'mwamba amvekere, 'Ovadiko, mkango wanga, ukadya anthu tidzakusunga kuti?' Tsiku lonse linali Ovadiko, Ovadiko, mpaka amayi anga ankati dzinalo litha ndi kuitana."

Ovadia anagwira mkonowo. Sanapemphe. Anangopezeka waugwira, chala chili pakachipserapo.

"Mama, tiyeni tizipita, mwazizidwa," anatero Nisim.

"Ndisiye. Pali china." Mayi Riketa anatsitsa dzanja la juzi. "Ajeremani atayamba kutchinga dera lathu ndi matabwa, bambo anga anagwirizana ndi msodzi wina, Mkhristu, kuti atithawitse pa boti lake titabisala pansi pa maukonde. Malo analipo a mwana mmodzi woonjezera. Amayi anga anapita kwa Estrea n'kumuuza kuti, 'Tipatseni Ovadiko, tidzati ndi wathu.' Estrea anavomera. Anamumangira mwanayo kamtolo ka zovala. Ine ndinakwiya, ndinati sindikwera boti limodzi ndi woluma uja."

"Mama, zakwana."

"Wanditseka pakamwa zaka zonsezi, lero undisiye. Sabetay atabwera anamasula kamtolo kaja. Sanakalipe, ankaseka. Anati, 'Mwana wanga akakhale mwana wa eni ine ndili moyo? Akuti ku Polandi kuli ntchito. Msana ndili nawo, ndikawadyetsa.' Anamukweza paphewa n'kulowa naye m'nyumba. Ndi mmene ndinawaonera komaliza." Anapukuta mphuno. "Sanali munthu woipa, mwana wanga. Panalibe ankadziwa. Bambo anganso sankadziwa, anangokhala amantha kuposa anzawo."

Mwini galaja anali atazimitsa makina ake. Chilankhulocho sankachimva, koma anaima chapatali, manja ali kumbuyo.

Patapita kanthawi Ovadia anafunsa kuti, "Ankaimba nyimbo yanji?"

Mayi Riketa anatseka maso n'kuyamba ndi mawu onjenjemera. Anaimba pang'ono, mawu n'kuwathawa. Anayambiranso, n'kuima pomwe paja. Anamenya ndodo pansi. "Yapita. M'ndege monse ndimaiimba, lero yapita."

Ovadia anawaperekeza mpaka kuhotela, ndipo anakana kulowa kukadya nawo. Kunyumba anamufotokozera Stamatia zonse ataimirira pakhomo la khitchini, jekete asanavule. Mkaziyo anazimitsa moto n'kukhala pansi.

"Chikundiwawa n'chakuti ndikumuchitira nsanje," anatero Ovadia. "Mwana anafa asanaphunzire kumanga nsapato, ine nkhalamba yonseyi ndikumuchitira nsanje. Iye anali ndi bambo. Ine ndinali ndi chimene chinatsala."

M'mawa mwake anapempha Stamatia kuti amuperekeze kumanda atsopano a Ayuda, kumpoto kwa mzinda. Mkaziyo anatsala pachipata. Ankamuona chapatali ataima pamanda a bambo ake, akutambasula manja ngati munthu wokangana pamsika. Kenaka anamuona atakhala pansi pamphepete pa mwalawo, mutu uli m'manja. Atabwerako maso anali ofiira.

"Wawauza chiyani?"

"Ndawauza kuti akanandiuza. Ndikanawathandiza kunyamula."

"Ayankha?"

"Ayi."

"Ali moyo sankayankha, ndiye lero? Tiye, mphepoyi ikudwalitsa."

Anakhala milungu ingapo osalandira alendo. A ku ofesi akaimba foni, Stamatia ankati ali ndi chimfine. Atayambiranso anali yemwe uja, wa mawu apansipansi ndi kabotolo ka madzi, kungoti tsopano akafika ndi alendo chakunjanji ankapatuka n'kukaima pagalaja ija osanena chifukwa. Mwini galaja ankamupatsa moni ngati mnansi. Kuchokera ku Mekisiko, Nisim anaimba foni chaka chisanathe kunena kuti mayi ake amwalira, ndipo kuti masiku awo omaliza anasiya kulankhula Chisipanishi cha kumeneko n'kubwerera ku chakale cha pabwalo paja, moti anamwino sankawamva bwino.

Ovadia anayendabe ndi alendo zaka zina zitatu. Tsiku lina atagwada pamwala wina pafupi ndi khoma lakale la mzinda, analephera kudzuka. Alendo ake, banja lina la ku Kanada, ndi amene anaitana ambulansi. Anafa ziwalo mbali yakumanja, ndipo lilime linalemera. Anthi anabwera kuchokera ku Jeremani n'kumusamalira mwezi wathunthu ndi manja odziwa ntchito, akumutembenuza, akumumeta ndevu, kenaka tchuthi chinatha n'kubwerera. Stamatia anatsala naye. Ankamukhazika pawindo n'kumamukambira miseche ya m'nyumba yonse yosanjikizanayo, iye n'kumayankha ndi nsidze. Anamwalira nyengo yozizira ikutha, m'mawa, mkazi wake atatsika kukagula buledi.

Anamuika m'manda a Ayuda, pafupi ndi makolo ake. Amuna a kusunagoge anamusambitsa n'kumukulunga m'nsalu yoyera monga mwa mwambo wawo, ndipo Stamatia anaima pambali ndi mwana wake, osadziwa poika manja, chifukwa dzanja linkangofuna kudzilemba mtanda. Mwambo utatha anafunsa mkulu woyang'anira mandawo ngati malo oyandikana ndi mwamuna wake ali ndi mwini. Mkuluyo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

"Mayi Stamatia, mukudziwa mmene timakulemekezerani..."

"Ndikudziwa. Ndimangofunsa."

Ankadziwadi kuyambira tsiku la ukwati wawo. Iye adzagona kwa Akhristu anzake, kutsidya lina la mzinda.

Masiku ano amapitako Lachinayi lililonse, pa mabasi awiri, mawondo akulira. Anaphunzira kuika kamwala pamanda m'malo mwa maluwa, monga amachitira Ayuda. Akatero amayang'ana uku ndi uku, ndipo akaona kuti woyang'anira uja ali kutali, amatulutsa kakandulo kakang'ono ka kutchalitchi m'chikwama, n'kukayatsa atakatchinga ndi dzanja. Amakhala pomwepo akumuuza mwamuna wake mitengo ya zinthu kumsika ndi za mnyamata wachijeremani amene Anthi akufuna kukwatirana naye, mpaka kanduloyo itatha. Kenaka amakanda phula ndi chikhadabo kuti pasaoneke kanthu, n'kunyamuka kukadikira basi.